Tsiku limene ndinapumira pa tsamba la nyemba

Cholakwa changa choyamba ndi mashini oyezera photosynthesis, kudya kaboni kwa masamba pogwiritsa ntchito kuwala, chinali kupuma. Eya, kupuma kwenikweniku, mpweya wa m'kamwa. Anandipatsa mashini a LI-COR, mtundu wa LI-6400, omwe ali ndi kamutu kooneka ngati chopanira zovala chachikulu, umakatsegula n'kupana tsamba pakati, ndiye kachigawo ka tsamba kongokwana masentimita 2 kwa 3 kamakhala mkati mwa kachipinda kotsekedwa ndi timphira tofewa. M'kachipindako mumalowa mpweya woyezedwa kale, umatuluka mbali ina n'kuyezedwanso, ndipo mashini amakuuza kuti kaboni dayokisaidi watsika bwanji komanso chinyezi chakwera bwanji. Kutsika kwa kaboni ndiko kudya kwa tsambalo, kukwera kwa chinyezi ndi madzi amene lataya. Basi, nzeru yake yonse ndi imeneyo, zina zonse ndi mawaya ndi mabatire olemera ngati njerwa.

Ndiye ine ndi chidwi changa ndinawerama kufuna kuona ngati tsamba lakhala bwino, mphuno pafupi ndi timphira tija, n'kumapuma mwamtendere ngati palibe chikuchitika. Manambala pa sikirini anayamba kuvina. Tsamba limene mphindi yapitayo limadya bwinobwino linaoneka ngati layamba kusanza kaboni. Ndinaitana supavaiza wanga ndili ndi mantha kuti ndaononga mashini a ndalama zambiri, iwo anangoyang'ana kamodzi, kenako anandiyang'ana ine, n'kunena kuti "tasunthani kaye pamenepo, mukupumira data yanu." Mpweya wa panja uli ndi kaboni dayokisaidi wongopitirira pang'ono 400 ppm (magawo 400 pa miliyoni), pomwe wotuluka m'mapapo mwathu uli ndi pafupifupi 40,000, ndipo nthawi imeneyo mkati mwa kachipinda ndinali nditatsitsa mpaka 50, ndiye kampata kakang'ono pa mphira n'kokwanira kusokoneza zonse. Kuyambira tsiku limenelo ndimayeza masamba nditatembenuza nkhope kumbali ngati munthu wokwiya.

Ntchito imene ndimachita inali yojambula chimene a m'labu amachitcha A/Ci curve. Umayamba ndi 400, n'kutsitsa 300, 200, 100, 50, kenako kubwerera pa 400 kuti tsamba litsitsimuke, n'kukwera 600, 800, 1,000 mpaka kupitirira, ndipo pa sitepe iliyonse umadikira mphindi zingapo kuti manambala akhazikike, tsamba limodzi limatha kukudyera theka la ola kapena kuposa, dzuwa likukuotcha pamsana uku ukuyang'anitsitsa timiyala toumitsa mpweya ta Drierite tikusintha mtundu kuchoka buluu kupita pinki. Ukaika mfundozo pa girafu pamatuluka mzere wokwera mothamanga poyamba kenako n'kupindika n'kuyamba kugona. Ndiye umathira manambalawo mu ka spreadsheet kamene wina anakupatsa, n'kudina, ndipo kamakulavulira zinthu ziwiri, Vcmax ndi Jmax. M'lipoti umalemba kuti zawerengedwa motsatira Farquhar et al. 1980, kutanthauza pepala la wasayansi Graham Farquhar ndi anzake. Ndinalemba mawu amenewo kangapo konse ndisanatsegule pepalalo ngakhale tsamba loyamba, ndipo sindikuchita manyazi kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri.

Chimene chandikumbutsa zonsezi ndi mkangano umene tinali nawo ndi mnzanga wina masiku apitawa, iyeyo amakonda kwambiri Google Scholar, tsamba la pa intaneti la mapepala a kafukufuku, amatsegula ma profile a anthu ngati mmene ena amaonera tebulo la ligi ya mpira. Anatsegula ya wasayansi wina wa zomera n'kumati taona h-index iyi, taona ma citation awa, uyu ndiye dolo, enawa akungoseweretsa nthawi. Manambala amenewa amawerenga kuti mapepala a munthu atchulidwa kangati m'mapepala a ena. Ndinamufunsa kuti chabwino, nanga munthuyu anapeza chani? Anakhala chete kaye kenako anati koma manambala samanama. Zoona samanama, koma amanena chani kwenikweni? Chifukwa ine ndekha ndinamuonjezera Graham Farquhar ma citation angapo ndisakudziwa n'komwe kuti m'pepala mwake muli chani, ndiye ngati kuwerenga kwake ndi kumeneko ndiye kuti ulesi wanganso ukuwerengedwa ngati umboni wa ukatswiri wake. Chodabwitsa n'chakuti kwa Farquhar manambalawo ndi aakulu ndipo ntchito yakenso ndi yaikuludi, koma ukulu wa ntchitoyo uli kwina, kumene Google Scholar sikufikako.

Farquhar anabadwa mu 1947 ku Hobart, pachilumba cha Tasmania ku Australia, ndipo poyamba anaphunzira fizikisi ndi masamu asanalowe za zomera, moyo wake wonse wa ntchito pafupifupi wathera ku Australian National University ku Canberra. Pepala la 1980 lija linatuluka m'magazini ya sayansi yotchedwa Planta, ndipo olemba anali atatu: iyeyo, Susanne von Caemmerer amene nthawi imeneyo anali wophunzira ndipo nayenso anachokera ku masamu, ndi Joe Berry wa ku Carnegie Institution ku California. Nditaliwerenga pomaliza, patapita zaka ziwiri ndikungolitchula, chinandikhudza n'chakuti mulibe chomera chatsopano, mulibe jini yatsopano, mulibe chithunzi chokongola. Ndi masamu okhaokha. Anatenga zimene akatswiri a biochemistry anali atapeza kale m'timabotolo ta m'labu n'kuzilumikiza ndi zimene zimaoneka pa tsamba lamoyo.

Maganizo ake ali chonchi. Mkati mwa tsamba muli ngati fakitale ya zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa Rubisco, imene imagwira kaboni dayokisaidi n'kumumatiza ku molekyu ina yotchedwa RuBP. Chigawo chachiwiri chimagwiritsa ntchito mphamvu ya kuwala kupanganso RuBP yemweyo kuti Rubisco asakhale manja lende. Liwiro la fakitale yonse limatengera chigawo chimene chikuchedwa pa nthawiyo. Kaboni akachepa, wochedwetsa ndi Rubisco, ndiye kukwera kothamanga kuja kwa girafu yanga, ndipo Vcmax ndi muyeso wa mphamvu yake. Kaboni akachuluka, Rubisco amayamba kudikira RuBP, mzere uja umagona, ndipo Jmax ndi muyeso wa chigawo chachiwiricho. Pamene mzere umapindika ndi pamene udindo wochedwetsa ukuchoka kwa wina kupita kwa mnzake. Nditamvetsa zimenezi ndinabwerera ku ma girafu anga akale n'kumaloza ndi chala pamene pakupindikapo ngati mwana amene wangophunzira kuwerenga.

Ndipo Rubisco ameneyu abale ndi wantchito wovuta. Ndi waulesi, amagwira mamolekyu a kaboni ngati atatu okha pa sekondi pomwe ma enzaimu ena amagwira masauzande, n'chifukwa chake masamba amamupanga wochuluka zedi mpaka anthu amati ndi puloteni yochuluka kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Komanso amasokoneza, nthawi zina m'malo mwa kaboni amagwira okosijeni, zimene George Bowes ndi William Ogren anaonetsa ku Illinois mu 1971, ndipo akatero chomera chimaononga mphamvu kukonza cholakwacho n'kutayanso kaboni wina amene chinali chitagwira kale, ndiyo photorespiration imeneyo, ndipo kukatentha imaipiraipira. Masamu a 1980 anaika mpikisano wa kaboni ndi okosijeni umenewu mkati mwenimweni mwa fomyula, pamodzi ndi kutentha ndi kuwala, moti ukaiuza mmene nyengo ilili imakuuza mmene tsamba lidyere.

Apa ndi pamene nkhani inatuluka m'manja mwa anthu a zomera. Makompyuta oyamba olosera za nyengo ya dziko lonse ankaona mtunda ngati ndowa, zenizeni, amaitcha bucket model, ya Syukuro Manabe ya 1969: mvula igwa ndowa idzaza, dzuwa liwala madzi auma, yadzadza kwambiri isefukira. Munalibe tsamba ngakhale limodzi. Chikhalirecho madzi ambiri ochoka pamtunda kupita kumwamba amadutsa m'timabowo ta masamba, ma stomata, ndipo timabowoto timatseguka ndi kutsekeka malinga ndi njala ya kaboni ya chomeracho. Berry ndi anzake, Timothy Ball ndi James Collatz, analumikiza masamu a photosynthesis ndi kutseguka kwa ma stomata, kenako Piers Sellers wa ku NASA ndi gulu lake anazilowetsa mu modelo ya pakompyuta yotchedwa SiB2 mu 1996. Sellers yemweyo pambuyo pake anakhala astronaut n'kupita mumlengalenga katatu, ine ndimangoganiza kuti ankayang'ana nkhalango pawindo n'kumaona ma fomyula. Lero ma modelo ambiri akuluakulu a nyengo, monga Community Land Model, ali ndi masamu a 1980 aja mkati mwake, osinthidwa apa ndi apo koma mafupa ake ndi omwewo. Zomera ndi nthaka zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso kuposerapo, la kaboni amene anthu timatulutsa chaka ndi chaka, ndiye funso loti zipitiriza kumeza mpaka liti ndi funso lalikulu, ndipo yankho lililonse limene mumamva pa nkhani limadutsa mu Vcmax yemwe uja ndinkamuvutikira padzuwa. Pamene pepala la 1980 lija limatuluka mpweya unali ndi kaboni pafupifupi 339 ppm, pano wadutsa 420.

Ndiye taganizani, munthu wolemba lipoti la za nyengo satchula Farquhar, amatchula modelo imene wagwiritsa ntchito, modeloyo imatchula pepala lina, pepala linalo ndi limene mwina limatchula la 1980. Chinthu chikalowerera kwambiri chimasiya kutchulidwa, palibe amene amalemba dzina la Pythagoras m'munsi mwa pulani ya nyumba. Apa manambala a mnzanga uja akuchepetsa ntchito ya munthu, pomwe kumbali ya ine ndi ulesi wanga amaichulukitsa.

Koma nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya tirigu, chifukwa imeneyi inafika mpaka m'munda. Vuto la chomera chilichonse ndi lakuti khomo lolowera kaboni ndi lomwelo lotulukira madzi, ukatsegula ma stomata kuti udye ukutaya madzi, ndipo kusinthana kwake n'koipa, molekyu imodzi ya kaboni imagulidwa ndi mamolekyu a madzi mazana angapo. Kwa mlimi wa kumalo ouma, mbewu imene imapeza kaboni wambiri pa dontho lililonse ndi chuma. Koma udziwa bwanji kuti mwa mitundu mazanamazana imene obereketsa mbewu ali nayo m'minda yoyesera, yosamala madzi ndi iti? Ndi mashini anga aja sungathe, tsamba limodzi theka la ola, ndipo limakuuza za mphindi imeneyo yokha, mtambo ukadutsa zasintha kale.

Yankho linachokera ku kaboni wolemera. Mwa maatomu 100 a kaboni, pafupifupi limodzi ndi carbon-13, lolemera pang'ono kuposa carbon-12 wamba. Rubisco ndi wosankha, amakonda wopepukayo. Mu 1982 Farquhar, Marion O'Leary ndi Berry analemba masamu osonyeza kuti kusankha kumeneku kumatengera kuchuluka kwa kaboni mkati mwa tsamba. Ma stomata akakhala yasa, kaboni ali mbwee mkati, Rubisco amasankha mwamatama n'kumusiya wolemerayo, koma madzi akutayika ambiri. Ma stomata akatsekako pang'ono, kapena tsamba likakhala lakudya mwamphamvu moti kaboni wa mkati achepa, matama amatha, amangodya chimene chilipo, wolemera yemwe. Ndiye kuti chomera chosamala madzi chimasiya chizindikiro m'thupi mwake, chimakhala ndi carbon-13 wochulukirapo pang'ono. Umangothyola masamba, kuumitsa, kupera, kuika ufa wochepa kwambiri m'mashini otchedwa mass spectrometer, ndipo nambala imodzi imakuuza mmene chomeracho chakhala chikugwiritsira ntchito madzi kwa masabata onse amene tsambalo limakula. Nditamva koyamba ndinati aaa, koma anthu ena amaganiza.

Mu 1984 Farquhar ndi Richard Richards, wobereketsa mbewu, anaonetsa kuti pa tirigu zimagwiradi. Ndiye kenako panabwera ntchito yotopetsa imene palibe nyuzipepala imalemba, kukwatitsa mitundu, kubzala, kuyeza, kutaya yambiri, kubzalanso, chaka ndi chaka, ku bungwe la kafukufuku la Australia la CSIRO. Mtundu wa tirigu wotchedwa Drysdale unatuluka mu 2002, wina wotchedwa Rees n'kutsatira. Kuchokera pa fomyula kufika pa mbewu ya m'thumba zinatenga zaka 20. Ndipo phindu lake silinali lodumphitsa munthu, pafupifupi 10 peresenti kuposa mtundu wa kholo lake m'malo ouma kwambiri, ndipo mvula ikakhala yokwanira kusiyanako kumachepa. Ine ndimaiona 10 ameneyo ngati nambala yoona mtima, yoyezedwa m'minda yambiri, yonena poyera pamene imagwira ndi pamene sigwira.

Kambali pang'ono: kusankha kwa kaboni komweku ndi kumene kumagwiritsa anthu othira shuga mu uchi. Nzimbe ndi chimanga ndi zomera za mtundu wa C4, zili ndi njira ina yogwirira kaboni imene Hal Hatch ndi Roger Slack anaifotokoza mu 1966 ku Brisbane akugwira ntchito ku kampani ya shuga, ndipo sizisankha kwambiri ngati zomera wamba za C3 zimene njuchi zimakonda kupitako. Ndiye uchi wosakaniza ndi manyuchi a chimanga kapena shuga wa nzimbe umaulula wokha pa mass spectrometer.

Tibwerere kwa mnzanga ndi tebulo lake la ligi. H-index inabwera ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi, mu 2005: ukakhala ndi h ya 30 ndiye kuti uli ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. Ndi yosavuta kuwerenga, n'chifukwa chake makomiti olemba ntchito ndi opereka ndalama anaikonda. Impact factor ya magazini nayo, nambala yoonetsa mmene mapepala ake amatchulidwira, inachokera kwa Eugene Garfield, ndipo inali yothandiza a laibulale kusankha magazini ogula, osati yoweruzira munthu. Mu 2012 asayansi ena anakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA chopempha kuti anthu asiye kugwiritsa ntchito nambala ya magazini poyeza wasayansi, mabungwe ambiri anasaina, koma pitani mukamve mmene anthu amayankhulira m'makonde a mayunivesite, funso likadali lakuti watulutsa mu jenala yanji.

Ndipo taonani mapepala amene amatchulidwa kwambiri. Pamwamba pa onse pali la Oliver Lowry la 1951, njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni, latchulidwa kopitirira ka 300,000. Kwathu ku za zomera kuli la Daniel Arnon la 1949, aliyense amene anayezapo chlorophyll, chobiriwitsa masamba chija, ndi mankhwala a acetone analitchula, chikhalirecho mutu wa pepalalo ndi za enzaimu ya mkuwa m'masamba a beet, nkhani ya chlorophyll ili m'kachigawo kakang'ono ka njira zoyezera, ndipo manambala akewo anawatenga kwa Mackinney wa 1941. Arnon anachita zazikulu kuposa pamenepo, gulu lake ndi limene linaonetsa mu 1954 kuti ma chloroplast, tizigawo tobiriwira ta m'tsamba, amapanga ATP, molekyu yonyamula mphamvu, pogwiritsa ntchito kuwala, koma pa Google Scholar chimene chimawala kwambiri ndi ka resipe kaja. Ma citation amakonda zida, chinthu chimene anthu amachigwira tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo si zoipa ayi, chida ndi chinthu chabwino, kungoti tisamanamizane kuti tikuyeza nzeru.

Palinso nkhani ya mayina imene imandiwawa pang'ono. Njira imene chomera chimasandutsira kaboni kukhala shuga timati Calvin cycle, ndipo Melvin Calvin analandira Nobel yekha mu 1961, koma ntchito yambiri ya manja ku Berkeley, yodyetsa ndere za Chlorella carbon-14 kwa masekondi ochepa n'kuzigwetsera mu alcohol wotentha kuti aone kaboni wafika pati, inali ya Andrew Benson ndi James Bassham, ndipo Benson ndi amene anazindikira RuBP. Masiku ano mabuku ena ayamba kulemba Calvin-Benson-Bassham, mochedwa. Chimodzimodzi modelo ya 1980, pakamwa timangoti Farquhar model, "et al." imameza anthu awiri, pomwe von Caemmerer anapitiriza ntchitoyi moyo wake wonse, masamu ambiri amene mashini anga aja amagwiritsa ntchito powerengera kaboni wa mkati mwa tsamba ali m'pepala lake ndi Farquhar la 1981, analembanso buku lonse la ma modelo a photosynthesis, ndipo anasankhidwa kulowa Royal Society, bungwe la asayansi otchuka la ku Britain, mu 2017, chaka chomwecho chimene Farquhar analandira mphoto yaikulu ya ku Japan ya Kyoto Prize. Olemba osamala amati FvCB, zilembo za onse atatu. Ine mu lipoti langa lomaliza ndinapita n'kusintha paliponse, supavaiza sanaone n'komwe.

Tsopano mbali ina ya nkhaniyi ndi ya mitu ya nkhani ikuluikulu, imene mnzanga amaikondanso. Ku University of Illinois kuli pulojekiti yotchedwa RIPE, inayamba mu 2012 ndi ndalama za Bill & Melinda Gates Foundation motsogozedwa ndi Stephen Long ndi Donald Ort, cholinga chake kukonza photosynthesis yeniyeniyo kuti mbewu zibereke zambiri. Ndipo poyambira pawo ndi ma modelo a pakompyuta, zidzukulu za masamu a 1980, amayeserera kaye pakompyuta kuti tikasintha apa chichitike n'chani asanakhudze jini. Mu 2016 anatulutsa m'magazini ya Science zotsatira za fodya: tsamba likakhala padzuwa lamphamvu limayatsa chitetezo chotaya kuwala kowonjezera ngati kutentha, mthunzi ukabwera chitetezocho chimachedwa kuzima, mphindi zingapo zikutayika, iwo anafulumizitsa kuzimako ndipo zomera zinakula pafupifupi 15 peresenti kuposa zinzake m'munda. Mu 2019 anafupikitsa njira ya photorespiration, fodya anakula mpaka 40 peresenti kuposa wamba. Mu 2022 anayesa njira yoyamba ija pa soya, mitundu ina yosinthidwayo inabereka mpaka 33 peresenti kuposa wamba. Amagwiritsa ntchito fodya osati chifukwa chofuna ndudu ayi, ndi wosavuta kusintha majini ndipo amakula msanga.

Ndinasangalala nawo manambala amenewa, sindinama, ndinawatumizira anthu. Koma m'pepala lomwelo la soya muli chaka chachiwiri chimene chimphepo chinagwetsa mbewu ndipo kusiyana kuja sikunaoneke, zimenezi mitu ya nkhani sinanene. Mu 2023 gulu la obereketsa mbewu ndi akatswiri a majini, wotsogolera kulemba Merritt Khaipho-Burch, linalemba m'magazini ya Nature kudandaula za chizolowezi chimenechi m'sayansi yonse ya mbewu: timinda tating'ono, malo amodzi kapena awiri, kuyerekeza ndi mitundu yakale imene alimi anasiya kubzala, kenako kulengeza maperesenti aakulu. Iwo amati majini ambiri amene amaoneka odabwitsa poyamba, akaikidwa mu mbewu zamakono n'kuyesedwa m'malo ambiri kwa zaka zingapo, phindu limatsala lochepa kapena kusowa kumene. Ine sindikuona kuti zimenezi zikupha ntchito ya RIPE, kuonetsa kuti photosynthesis ingakonzedwe n'komwe chinali chinthu chimene ambiri ankakana, ndipo Long yemweyo ndi amene mu 2006 anaziziritsa anthu mitima poonetsa kuti m'minda yeniyeni yopoperedwa kaboni mbewu sizionjezera zokolola ngati mmene zoyesa za m'nyumba zagalasi zinkalonjezera, ndiye sanali munthu woopa nambala yokhumudwitsa. Koma 40 wa fodya wa m'kamunda koyesera ndi 10 wa Drysdale si ndalama za mtundu umodzi, winayo ndi lonjezo, winayo analowa m'nkhokwe. Mpunga wa C4 nawo, pulojekiti yoyesa kuika njira ya chimanga mu mpunga, inayamba mu 2008 ku IRRI, bungwe la kafukufuku wa mpunga ku Philippines, ndipo mpaka pano anthu akadali pa ntchito.

Mnzanga nditamufotokozera zonsezi anangoti ndiye ukufuna tiziyeza bwanji, tizidikira zaka 20 tisanampatse munthu ntchito? Funso labwino, ndipo ndinalibe yankho loti n'kumutseka nalo pakamwa. Komiti ili ndi mafomu 200 ndi masana amodzi, nambala imawapulumutsa. Chimene ndinamupempha n'chaching'ono, kuti akatsegula profile ya munthu adine pepala limene lili pamwambalo, awerenge ngakhale chidule chake chokha, kenako adine pa anthu amene alitchula aone kuti ndi ndani ndipo akulitchula pofuna chani. Tinayesa pompo ndi la 1980 lija. Tsamba loyamba la otchula munali anthu a za nyengo, a nkhalango, a ma satelaiti, a mbewu, anthu amene mwina sanakumanepo pa msonkhano umodzi. Iye anangoti hmm, kenako anabwerera kukaona h-index ya von Caemmerer kuti ayerekeze ndi ya Berry.

Fayilo ya tsiku lija ndikadali nayo pa kompyuta. Mzere wa nambala 7, pamene kaboni anali pa 50, photosynthesis ikuonetsa nambala yopanda nzeru, ndipo pambali pake m'bokosi la ndemanga ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti NDINAPUMA, kuti wina aliyense wodzaitsegula asavutike kufunafuna chimene chinachitikira nyemba.